Pomwe Adalekezera Dainess

Mudzi wa Msampha,
Namitete.
16 Febuluwale, 2025.

Okondedwa alamu anga a Febe,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi abambo akunyumba ndi ana. Kuno tilipo. Mvula ikugwa bwino, fodya tayamba kuthyola wam'munsi, ndipo chigafa chidapendama chija ndachichirikiza ndi mitengo iwiri.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Mukundidziwa, pafoni sinditha kufotokoza zakukhosi. Ngakhale tsiku lija mudagwirizana ndi amalume ake a mwana wanga Talandira kuti mukadzandisudzula pa Pasaka ine ndibwerere kwathu ku Nambuma, mwana mumutenge akaphunzire kwanuko, ndidangoti "chabwino." Mudati mwana wamkazi wa zaka khumi sangakule ndi bambo amene dzuwa limalowa asanayankhule. Simudaname. Komabe ndiloleni ndikufotokozereni zimene zachitika kuno.

Kodi mukukumbukira makatuni a ku Japan aja amene mng'ono wanu Dainess ankaonera ndi mwana pafoni Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi? Ndi nkhani ya kamnyamata kophunzira kumanga maulalo a zingwe m'mapiri kwa mayi wina waukali. Mayina awo adatikanika kutchula, choncho Dainess adawapatsa akeake. Mayiyo adamutcha a Folomani, kamnyamatako Kamphuno, poti mphuno yake idali kadontho chabe. Kadali kaulesi, kodzitama, kosachedwa kulira. Kakaona mtsinje kankabisala kuseri kwa mwala. Ine ndinkangosuzumira podutsa n'kumawaseka, chifukwa zojambulazo zidali zosalongosoka. Munthu akamayankhula pankagwedera pakamwa pokha. Akamathamanga, mtengo womwewo unkadutsa kumbuyo kwake kasanu. Mvula idali timizere toyera basi. Tsiku lina ndidakalipa kuti akutha batire ya sola ndi zidole. Dainess adangoti, "Bambo a Tala, takhalani pansi muone kamodzi kokha." Sindidakhale.

Chimwalirireni Dainess mu Okutobala, Talandira ankatenga foni ija Lamulungu masana n'kukakhala nayo pakhonde. Sankalira, sankawatchula amake. Ine ndinkayesa kuti akupitiriza nkhani yake. Sindidadziwe kuti akungobwereza gawo limodzi lomwelo, lomaliza limene adaonera ali awiri.

Kumapeto kwa mwezi watha memori kadi idakana kutseguka. Ndidapalasa njinga kupita pamsika kwa a Yusuf amene amalowetsa mafilimu m'makadi. Iwo adati, "Madala, zimenezitu akhala akujambula zaka makumi awiri, magawo ake apitirira mazana asanu ndi awiri. Mudalekezera pati?" Alamu, apa ndiye pondichititsa manyazi. Mkazi wanga ndi mwana wanga adakhala zaka ziwiri pakhonde la nyumba yanga yomwe, ine osadziwa pamene adafika. Ndidati, "Ingoikanimo zatsopano."

Talandira atatsegula adaponya foni pamphasa. "Uyu si Kamphuno! Ababa mwawononga! Amayi adalekezera pa 212!" Aka kadali koyamba kuwatchula m'miyezi yonseyi. Ndidatola foniyo, ndipo ndidakhala pansi.

Sindikudziwa kuti ndilembe bwanji zimene ndidaona. Padali mtsinje wodzaza, madzi ofiira ngati a Bua mu Januwale, atakokolola nthambi, nthambi iliyonse ikuzungulira payokha. Madontho a mvula ankayenda pachingwe, n'kukumana awiri, n'kulemera, n'kugwa. Musandiseke, ndidagwira galasi la foni ndi chala kuti ndione ngati lanyowa. Pa ulalo padaima munthu wamtali, wa mapewa ake, mphuno yake yeniyeni, zikhatho zong'aluka ngati za mlimi. Mphepo inkakupiza malaya ake, ndipo akapuma chifuwa chinkakwera n'kutsika. Ndidakhala kukamwa yasa. Ndidaganiza za anthu ojambulawo, kutali kumene sindidzafikako, amene kale ankalephera kujambula mtengo wachiwiri. Nawonso adakula pamodzi ndi kamwana kawo, sabata ndi sabata, osatopa, mpaka manja awo adaphunzira kugwetsa mvula.

Pamenepo Talandira adali atafendera kumbuyo kwanga, chibwano chili paphewa langa. M'filimumo mwana wina amene Kamphuno akumuphunzitsa ntchito adakana kuwoloka, akulira monga ankachitira iye kale. Kamphuno sadakalipe, sadadzitame. Adagwada, n'kuika manja a mwanayo pachingwe, n'kudikira.

"A Folomani ali kuti?" adafunsa Talandira.

Ine ndidali nditawerenga kale timawu ta Chingerezi ta m'munsi ndi Fomu 2 yanga ija. Ndidadziwa yankho, koma ndidangopitiriza kuyang'ana pafoni. Kenaka Kamphuno adamanga mfundo. Adationetsa manja okhaokha kwa nthawi yaitali, popanda nyimbo, popanda mawu. Atakoka chingwe, adagogoda mfundoyo kawiri ndi chala.

"Adamwalira eti?" adatero mwana chapansipansi. "Ababa taonani. Ankagogoda choncho ndi a Folomani. Iyeyu ankawaseka kuti n'zachikale."

Ndipo adalira, alamu. Kulira kumene sikudatuluke kumanda kudatuluka pakhonde paja, dzuwa lili phwee. Za ine sindinena.

M'mawa mwake ataweruka kusukulu tidali kusoka fodya m'chigafa. Ndidaona Talandira akudula chingwe ndi mano am'mbali, mutu atapendeketsa, diso limodzi atatsinzina. Inu mukudziwa amene ankadula choncho. Mwana wakhala akutero pamaso panga masiku onsewa, koma ndidachita kuphunzitsidwa kuona ndi zidole zimene ndinkazinyoza. Iye osandiyang'ana adati, "Mukawauze a Yusuf ayambire pa 213. Koma muzikhala pansi, muzimasulira."

Ndidabwerera kumsika tsiku lomwelo. Tsopano tabwerera ku mphuno ya kadontho ndi mtengo wodutsa kasanu, koma sindikusekanso, poti ndikudziwa kumene kamwanaka kakupita. Ntchito yomasulira yokha ndiyo ikundivuta. Sabata yatha a Folomani adakalipira Kamphuno, ine n'kumasulira monga mwalembedwera. Talandira adati, "Iyayi, mwaphonya. Akakwiya choncho amati mwana wosatsuka mbale adzagwera mumtsinje. Amayi ankatero." Ndidabweza kawiri konse, alamu, za mbale mulibemo. Mng'ono wanu adali kulangiza mwana kudzera pakamwa pa a Folomani zaka ziwiri zonse! Tidaseka mpaka anansi adasuzumira kuti kwa Boniface kwagwanji.

Tsono pempho langa ndi ili. Atsala magawo mazana asanu. Tikamaonera awiri Lamulungu lililonse, ndi zaka zisanu. Ndikudziwa mwambo, mwana ndi wa kwanu, ndipo sukulu za ku Mzuzu n'zabwino kuposa yathu ya kuno. Sindikutsutsa akuluakulu. Koma ndaona mmene zimawawira kulandira munthu atakula kale, iwe osadziwa adadutsa kuti. Ndikuopa kuti adzatsika minibasi pa Namitete tsiku lina ali wamtali, wa mawu ena, wina n'kundifunsa kuti ndidalekezera pati, ine n'kusowanso yankho. Kamodzi kaja kakwana. Chonde yankhulani ndi amalume ake. Ngati n'kotheka andilole ndikhalebe pamudzi pano ndizilima munda wa mwana. Ngati ayi, ndipite naye ku Nambuma, patchuthi ndizimutumiza kwanu. Mukakana, sindidzakwiya. Ndidzangokupemphani kuti Lamulungu masana wina azikhala naye pansi.

Mupereke moni kwa abambo akunyumba, kwa Queen ndi Innocent. Talandira akuti moni amayi aakulu, ndipo akuti nsapato mudatumiza zija zayamba kuthina. Kumanda ndidakalambula Lachisanu, maluwa mudadzala aja agwira. Lero taonera 215 ndi 216. Kamphuno wawoloka ulalo koyamba, chokwawa, akulira njira yonse, koma wawoloka. Pamphasa timakhala awiri, koma mwana amasiyabe malo kumanzere, ndipo ine sindidamuuze kuti afendere.

Ndine mlamu wanu wodikira yankho,

Boniface, bambo a Tala.