Denga la Nyumba ya Amayi

Simlemba, Kasungu

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako. Kuno tadzuka. Fodya tikuthyola, chimanganso chabereka ngakhale thumba la feteleza wa kuponi tinagawana ndi alamu anga a Yobe.

Musamvere za anthu, ine ndikukhala mosangalala. Amuna anga sakupitanso kumunda chifukwa cha chifuwa. Amakhala pamphasa m'chigafa n'kumasoka fodya pang'onopang'ono, ana atawazungulira. Dzulo anaseka nthabwala za Lusubilo, mwana wathu woyamba, mpaka chifuwa chija chinawagwira, tinachita kuwagoneka. Atapuma anati, "Mayi a Lusubilo, chaka chino ndiye ndawadziwa ana anga." Ndinathokoza Mulungu.

A Yobe nawonso akutisamala. Amabwera pafupipafupi kudzazonda odwala, kungoti amadzera kumunda kwathu, n'kuyenda m'malire monse asanafike pakhomo. Akuti kuponi ya chaka chamawa ilembedwe m'dzina lawo kuti ine ndisamavutike pamzere.

Amalume, kodi nyumba ya malemu amayi ija ikadali ndi denga? Ngati udzu unawola, mukaifolere dzinja lisanafike. Sikuti pali kanthu ayi. Ndi yaing'ono, koma ine ndi ana tingakwanemo.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Tabitha