Mabawuti a malume ndi mawondo a apongozi

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti ine ndine wamwayi. Ndimaphunzitsa anthu achikulire masewera olimbitsa thupi m'kajimu kanga pamwamba pa shopu ya malume, omwe ndi owotcherera zitsulo. Chipindacho anandipatsa okha. Makina akale amene ndinapeza anawakonza, kuwapenta, n'kuwamanga pansi ndi mabawuti kuti asagwedere. Ndikati ndithokoze amangoti, "Iwe phunzitsa anthu, za zitsulo undisiyire ine."

Anthu anga amachita mozungulira: pa makina awa pang'ono, ndikaimba wezulo n'kusunthira pa otsatira. Vuto ndi loti malume anandandalika makinawo potengera msinkhu, aatali kuzenera, aafupi kukhomo, kuti chipinda chikongole. Chakongoladi! Koma atatu onse a miyendo atsatizana: okankha ndi mapazi, owongola mawondo ndi opinda mawondo. Munthu akamachoka pa achitatuwo, miyendo imakhala italobodokeratu.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, chaka chatha sankadzuka pampando popanda wowakoka. Chiyambireni kubwera kujimu kwanga, lero amadzuka okha, n'kumanyamula ndi mdzukulu yemwe. Mkazi wanga analira tsiku loyamba kuwaona akutero. Koma sabata yatha, potsika masitepe titaweruka, mawondo anawagwedera, anangokhala pansi mwadzidzidzi atakakamira chitsulo cha m'mbali. "Akamwini, mukufuna ndifere pamasitepe a malume anu? Ine basi," anatero. Sanabwerenso, ndipo mtima wanga uli m'mwamba kuti abwerera pampando paja.

Ndikudziwa kuti makinawo afunika kusuntha. Koma ndiwauze bwanji malume kuti amasule mabawuti amene anamanga atagwada, msana wawo uli wovuta kale? Chinanso, akufuna kundipezera makina ena, ndipo mtima wawo uli pa chimakina chonyezimira chija anyamata amakuzira chifuwa. Mphatso amakana ngati? Ndithandizeni, sindikufuna kuoneka wosayamika.

T.K.M., pamwamba pa shopu ya malume

A T.K.M.,

Malume otere ndi osowa, asungeni bwino. Koma inu mukuthokoza molakwika, achimwene. Kuyamika si kusoka pakamwa. Bawuti amamasula ndi sipanala, koma chiuno cha munthu wamkulu chikathyoka pamasitepe, ngakhale malume anuwo sangachiwotcherere.

Mawa lomwe, sipanala isanagwire ntchito, matani manambala akuluakulu pa makinawo kuti ulendo usinthe. Munthu akachoka pa makina a miyendo apite pa okankha ndi manja, akabwerera ku miyendo atsatize ndi ena a manja kapena a pamimba, kuti chiwalo chimodzi chizipuma china chikugwira ntchito. Achikulire kwambiri ayambire pa ovuta mphamvu zikadalipo, amalizire pa opepuka ochita atakhala. Akatha, ayende pang'onopang'ono m'chipindamo, amwe madzi, ndipo potsika masitepe inu muzitsogola. Dziwani kuti manambalawo ndi chigamba chabe, chifukwa anthu azidutsanadutsana ngati pamsika.

Malume musawalalikire. Auzeni kuti, "Bwerani mudzalawe ntchito ya manja anu," ndipo azungulire monga anandandalikira iwo. Akatsika pa makina achitatu aja, muwafotokozere zimene zinachitikira apongozi. Iwo anamanga zitsulozo kuti munthu asagwe, ndiye sipanala akaitenga okha. Posuntha, siyani mpata woti munthu wa ndodo adutse, ndi malo apakati oti inu mukaima muziona nkhope zonse.

Mphatso musakane, ingoiwongolerani. Pa makina mwatchulawa sindinamvepo okoka. Pemphani okoka munthu atakhala, olimbitsa msana, okhala ndi mpando wosavuta kukwera, woti n'kukweza kapena kutsitsa, ndi zolemera zoyambira pang'ono zosinthira ndi kapini. Pokasankha mupite ndi malume komanso mmodzi wa achikulire anu akayese. Chimakina cha anyamata chidikire anyamata.

Tsono apongozi. Pitani ndi akazi anu mukapepese, muwauze mosapsatira kuti cholakwika chinali kandandalikidwe ka makina, osati thupi lawo, popeza munthu wamkulu akagwa amafulumira kuganiza kuti zake zatha. Asanabwerere akaonane ndi adokotala, chifukwa mawondo amagwederanso ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Aliyense womva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa azisiya nthawi yomweyo, wezulo asayembekezere.

Chenjezo langa ndi ili: pakadafunda padajiwitsa galu. Mukamachedwa ndi manyazi, mpando uja uwazoloweranso apongozi, ndipo kuwadzutsa kachiwiri n'kovuta kuposa poyamba. Pitani lero. Tsiku limene adzatsike masitepe aja mawondo ali gwa, mudzaitane malume azimitse moto wowotcherera, atuluke adzaone. Zikomo wanu ndi ameneyo.

Aphungu