Botolo la Lazalo

Loweruka, Okutobala 1997. Kwatentha, ndipo mtima wandiwawa tsiku lonse.

Mng'ono wanga Lazalo wabwera kuchokera ku Lusaka, kumene amagwira ntchito kufakitale ya mkaka. Sanabweretse ngakhale shuga, koma mabotolo awiri. Lina linali ndi madzi otuwa mbuu, onunkha, otsukira mathanki a mkaka. Linalo madzi oyera mbee. Akuti ndi madzi amodzimodzi: makina amawakankha mwamphamvu kudutsa pasefa yopyapyala ngati khungu, ya timabowo tosaoneka ndi maso, mafuta ndi zonyansa n'kutsalira.

Atate anaitana aneba onse. "Bwerani muone zimene achita mwana wanga!" Mpaka bamake Tisa, mmodzi wa anebawo, anafunsa ngati Lazalo anapeza kale mkazi.

Wokama ng'ombe za atate ndine. Wotsuka zigubu ndine. Wopalasa njinga kukagulitsa mkaka kumsewu ndine. Anaitanapo ndani kuti adzandione?

Ndinamufunsa Lazalo pagulu ngati makinawo anapanga ndi iye. Anati, "Iyayi akulu, ine ndimangotsegula mipopi ndi kutsuka masefa chabe." Akanadzitama bwenzi nditapeza pomunyozera. Koma anthu anayamba kutamanso ulemu wake.

Atabalalika, ndinasefa madzi otsukira zigubu pachitenje cha mkazi wanga, nditachipinda. Anatuluka otuwa momwemo, chitenje n'kununkha. Mwini wake sakundiyankhula.

Botolo loyera lija atate aliika pakabati, pambali pa madzi odalitsidwa a ku mishoni ya Mpanshya. Kapu ya mkaka imene ndinawakamira m'mawa ikadali pakhonde, ntchentche zokhazokha.