Tchansi ya Yohane

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheuko. Kuno ku Wankie ndilipo, kungoti chifuwa cha fumbi la malasha sichikundisiya.

Loweruka linali tsiku lokalambula pamanda a malemu bambo ake a Yohane. Mwana wangayo analonjeza kubwera pa sitima yochokera ku Bulawayo, ndiye ndinakamudikira pasiteshoni nditanyamula makasu awiri. M'malo mwake munatsika mnzake, amvekere, "Mama, Yohane akuti sanapeze tchansi."

Mawu achizungu amenewa anditopetsa. Kulemba kalata mpaka tchansi, kudzaona mayi ake mpaka tchansi. Kodi ine pomuyamwitsa ndinkadikira tchansi? Ndinalambula ndekha, khasu linalo lili gone pambali.

Mundipempherere, ndipo mundiyankhe msanga. Kuno wondiitana dzina langa lakumudzi palibenso. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Nabanda