Maliro a ku Joni pa Laputopu Yanga

Lachisanu, madzulo. Tsiku lowawa.

Amalume anapalasa njinga kuchokera ku Mbulumbuzi kudzaonera pa laputopu yanga maliro a mwana wawo, amene waikidwa lero ku Joni. Anzake kumeneko anatitumizira linki yoonerera malirowo pa intaneti akuchitika. Tsamba linangoti mbee, osaonetsa kanthu.

"Ndi netiweki, mphwanga, usadandaule," anatero amalume, n'kunyamuka.

Atapita m'pamene ndinakumbukira kapulogalamu kamene ndinaika mu bulawuza kuti bandulo isamathe msanga. Kamatsekereza mavidiyo ndi zina zodziyendera zokha mpaka nditaloleza tsambalo. Tsamba la malirowo ndinali ndisanaliloleze. Nditangodina kuliloleza, chithunzi chinabwera: manda atakwiriridwa kale, anthu akumwazikana.

Mawa ndikupita kukawapepesa. Akakatchulanso netiweki pamaso pa anthu, kaya ndikangovomera, kaya ndikaulula kuti ndinalakwitsa ndine...