Nsanza Ndinasoka Ndine, Mphoto Akalandira Mpongozi

Aphungu,

Ine ndine telala, mayi wa zaka 52, ndipo makina anga akhala pakhonde la sitolo imodzimodzi zaka makumi atatu. Ndikulemba mutu utaima, chifukwa sindikudziwa ngati ndalakwiridwa kapena ndadzilakwira ndekha.

Mwana wa achemwali anga amapanga mafilimu, kunyumba timangomuti Wamakanema. Chaka chatha anandipempha kuti ndisoke zovala za anthu khumi ndi anayi a m'filimu yake, nkhani ya banja lothawa madzi osefukira. Ndinasoka ndi mtima wonse, msoko wowongoka, kolala yoima bwino, mabatani ali pamzere. Mwanayu atabwera anaziyang'ana n'kugwira mutu. Anati, "Mayi aang'ono, zakongola mopitirira. Munthu amene wagona panja miyezi itatu sangavale chonchi. Ziwonongeni."

Ndinkayesa nthabwala, koma ayi ndithu. Milungu itatu ndinakhala ndikuwononga ntchito yanga ndi manja angawa: kuviika malaya m'madzi a tiyi, kupala mawondo a mathalauza ndi mwala, kumasula mipendero, kuika zigamba ndi ulusi wosiyana mtundu. Poti ntchito ndi ntchito, sindinangong'amba chisawawa. Ndinafunsa kuti bambo wa m'filimuyo amanyamulira mwana paphewa liti, ndipo phewa limenelo ndi lomwe ndinalipala kwambiri.

Makasitomala anga ankadutsa n'kumaseka. Mayi wina amene ndinasokera ana ake onse madiresi aukwati anati, "Kodi masiku ano mwayamba kusokera amisala?" Manyazi anandigwira. Ndiye Wamakanema atandiuza kuti dzina langa lidzalembedwa kumapeto kwa filimu, ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati, "Ukangolemba dzina langa pa nsanzazi, usadzapondenso pano." Anandinyengerera kawiri, ine osamva. Pa fomu yotumizira filimu ku mpikisano pankafunika dzina la wokonza zovala, ndiye iye analembapo la mkazi wake, amene ntchito yake inali kupinda zovalazo ndi kuzinyamula. Ine sanandiuze.

Filimuyo inasankhidwa kukaonetsedwa ku chikondwerero chachikulu cha mafilimu a mayiko onse, kuja anthu amayenda pa kapeti yofiira akuwajambula mbali zonse. Sabata yatha kunabwera uthenga woti mphoto ya zovala yagwera filimu yathu, ndipo adzaipereka tsiku lotsekera, milungu itatu ikubwerayi. Aphungu, nsanza zija! Madiresi onse amene ndasoka moyo wanga wonse palibe anandiomberapo m'manja, lero zigamba ndiye zaposa mayiko onse? Mpaka pano sindikumvetsa kuti anthu amenewa anaonapo chiyani.

Amene wandisokoneza kwambiri ndi mpongozi wangayu, mkazi wa Wamakanema. Lolemba anabwera ndi nsalu yobiriwira yonyezimira kuti ndimusokere diresi yokalandirira mphotoyo. Ndili mkati momuyeza m'chiuno, anatulutsa pepala la mafunso amene atolankhani akumeneko atumiza. Anati, "Amayi, akufunsa kuti ndinaganiza bwanji zoti phewa limodzi lokha lioneke lotha. Tandiuzeni ndiloweze." Tepi inandipulumuka m'manja. Si mwana woipa ayi, ankapempha mwamantha. Wamakanema akuti tikasintha dzina tsopano adzaoneka wabodza, mwina amulanda mphoto, ndipo sadzamuitananso. Achemwali anga nawo akuti, "Unakana wekha, usamuchititse manyazi mwana."

N'zoona, ndinakana ndekha. Koma ndikaiona nsalu ija patebulo, dzanja likukana kugwira sizasi, ndipo mtima ukundiwawa. Kodi ndili ndi ufulu wofuna dzina limene ndinalikana ndi pakamwa panga? Nsaluyi ndiidule kapena ndiibweze? Nanga ndikalankhula, sindimugwetsa mwana wa m'bale wanga?

Ine wothedwa nzeru,
E. N., wa pakhonde la sitolo

*

Mayi E. N.,

Choyamba, imirirani pamakinapo tikuombereni m'manja. Mukufunsa kuti oweruza anaonapo chiyani? Anaona bambo amene wanyamula mwana wake paphewa limodzi miyezi itatu, ndipo anamuona chifukwa cha mwala wanu uja. Kung'amba chovala aliyense atha, ngakhale galu. Kudziwa pong'amba ndiye luso, ndipo luso limenelo ndi lanu.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono. Munaopa pakamwa pa kasitomala mmodzi mpaka kuopseza mwana amene ankafuna kukulemekezani. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mlomo wanu mwaupezadi, ndipo mukakumana ndi Wamakanema muyambe ndinu kupepesa.

Koma kulakwa kwanu kwathera pamenepo. Inu munati dzina lanu lisalembedwe, simunanene kuti ntchito yanu apatsidwe wina. Mwanayo akanabwera ndi fomu ija n'kukuonetsani mpata wofunika dzina, mwina mukanasintha maganizo. Iye anasankha njira yachidule, ndipo njira imeneyo ndi imene yamufikitsa pano. Simukumugwetsa ndinu.

Aitaneni Wamakanema ndi mkazi wake sabata ino, achemwali anu alipo, musadikire kuti chikwama chilongedzwe. Muwauze mosapita m'mbali kuti mayankho oloweza simupereka. Ganizirani mpongozi wanu ataima pamaso pa anthu odziwa nsalu kuposa ine ndi inu. Funso loyamba ayankha zoloweza, nanga lachiwiri? Wina akangomupatsa singano kuti aonetse, manyazi ake adzajambulidwa ndi makamera a mayiko onse. Mwana amene anakupemphani mwamantha chotere akufuna womupulumutsa, ngakhale sananene.

Wamakanema alembere okonza chikondwererocho iye mwini, lero lomwe ngati n'kotheka, afotokoze monga mwandifotokozera ine: msoki weniweni anakana kutchulidwa, ndinalakwitsa polemba wina, chonde konzani. Atumize ndi umboni. Kope lanu la miyezo ya anthu khumi ndi anayi aja liyenera kuti lilipo, zidutswa za nsalu mwina zikadali m'thumba pansi pa makina, ndipo ochita sewero amene munawayeza ali moyo. Sindikulonjezani kuti okonzawo adzamwetulira, chifukwa malamulo awo sindiwadziwa, ndipo n'kutheka kuti mphotoyo ingavute. Komabe munthu wodziulula yekha amamvedwa mosiyana ndi wogwidwa. Mlandu suwola, mayi, ndipo anthu amene ankakuonani mukupala mathalauza pakhondepo ndi ambiri.

Za nsalu yobiriwirayo, iduleni. Mpongozi wanu ndi mkazi wa mwini filimu, kapeti yofiira ayendapo ndithu, ndipo ayende atavala msoko wanu wowongoka uja. Diresi mumusokere ndi mtima woyera. Ngati kupita kumeneko inu simungathe, iye atha kukulandirirani, bola atchule dzina lanu momveka.

Chenjezo langa ndi ili. Musaganize kuti mukakhala chete nkhani ithera pa tsiku la mphoto. Wopambana mphoto yotere amafunidwa. Chaka chamawa opanga mafilimu ena adzaimba foni kufuna wokonza zovala uja, ndipo adzaimbira mpongozi wanu. Iye adzabwera pakhonde lanu ndi mapepala, maso ali pansi, inu mudzasoka chifukwa ndi mwana, dzina lidzalembedwa lake. Zidzatero filimu yachiwiri, yachitatu, mpaka tsiku limene maso anu adzalephere kulowetsa ulusi pasingano. Tsiku limenelo inu mudzakhala mulibe dzina, iye alibe luso, ndipo pabanja panu palibe amene adzathe kuyang'ana mnzake kumaso. Lankhulani sabata ino, kalata yopepesa ikadali yokwanira kukonza zinthu.

Aphungu