Kabudula wa Bambo Wosambirira M'nyanja

Lachiwiri, 2 Julayi
Ndapambana. Valdir, mchimwene wanga, amafuna titengere bambo ku Guarapari akaone nyanja yamchere. Zaka 79, sanaionepo. Kwathu kuno ku Minas ndi mapiri okhaokha. Koma tsiku lathunthu pagalimoto, ndi mtima wawo uja? Ndakana. Ndati paki yaboma ili pakhomo pompa. Malo omanga matenti abwino, mathithi, chipatala pafupi. Ndimatumizako aliyense wakusukulu kwathu, ndiye abale anga enieni andikanire? Valdir akuti, "Iwe Neuza, uphunzitsi uziusiya m'kalasi." Bambo angoti, "Kulikonse, mwanangu."

Loweruka, 13 Julayi
Tafika. Kuzizira koopsa, zala sizikugwira zingwe za tenti. Pageti mtsikana wa yunifolomu wapatsa bambo pepala la mapu, n'kuwalongosolera njira pang'onopang'ono ngati mlendo. Amuthokoza, alipinda bwinobwino, aliika m'thumba. Kenako atitsogolera okha mpaka kumathithi, osaliyang'ana n'kamodzi komwe. Ine kumati akusangalala. Chitsiru ine.

Lamlungu, 14 Julayi
M'mawa ndikuphika khofi, ndawaona bambo ataima pafupi ndi mabafa atsopano, akukanda dothi lakuda ndi nsapato. "Uvuni wanga wa makala unali pano. Apo pali tenti yako m'pamene panali kasakasa kathu." Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akuwotcha makala a mwini famu, boma lisanatenge malowa. Ndinkadziwa kuti ankagwira ntchito "kuphiri". Sindinafunsepo kuti phiri lake liti. Ndatengera munthu kutchuthi komwe anathyokera msana. Valdir sanandinene chilichonse. Bola akanandinena.

Lachinayi, 8 Ogasiti
Chipatala chapafupi ndinkachitama chija, tilimo tsopano. Bambo agonekedwa: mtima, komanso mapapo otha ndi utsi wamakala. Dokotala akuti za maulendo ataliatali aiwale.

Lolemba, 19 Ogasiti
Zuleide, mphunzitsi mnzanga, wandifunsa za malo a matenti aja, akufuna kupitako ndi ana ake. Ndamuuza kuti ndi abwino, atenge mabulangete ambiri. Ndi abwinodi. Chondiwawa n'chomwecho.

Lachitatu, 21 Ogasiti
Bambo andituma zovala kunyumba kwawo. Chikwama cha ulendo uja chili momwe anabwerera nacho. Pansi penipeni, kabudula wosambirira wabuluu, watsopano, kapepala ka kusitolo kakulendewerabe. Anagula mwezi wa Juni, Valdir atangotchula za nyanja. Nditasintha ulendo sanamuchotse, anapita naye mpaka kuphiri. Ndakhala pansi pakhonde, ndalira mpaka galu wawo wathawa.
Nditawaonetsa kuchipatala achita manyazi. "Usamubweze kusitolo, mwanangu. Sitidziwa."

Lachisanu, 23 Ogasiti
Bambo atuluka m'chipatala mawa. Ndaimbira Valdir kumufunsa ngati matiresi angakwane kumbuyo kwa galimoto yake. Iye akuti: "Aphunzitsi, nanga mtima uja?" Ndati mtimawo ndi wawo, si wanga, ndausunga mokwanira. Dokotala sindinamuuze. Ndikuopa, sindinama. Mwina sitikafika n'komwe.
Tinyamuka Lamlungu wa ku Guarapari, akadzuka bwino. Kapepala ka pakabudula kaja ndadula kale.